Khansa ya khomo la chiberekero: kuyeza kwatsopano ndi mtunda wa ku Kachulu

Kuchoka pa doko la Kachulu kukafika ku chipatala chachikulu cha Zomba ndi makilomita pafupifupi 30. Wa galimoto yake anganene kuti m'pafupi. Koma kwa mayi amene wayanika matemba pa thandala m'mawa, ulendo umenewu ndi malonda a tsiku lonse otayika, ndalama ya kabaza popita ndi pobwera, komanso kupempha mnansi kuti ayang'anire ana ndi nsomba. Wa pa chilumba cha Chisi amayamba walipira bwato. Dzinja likafika, Likangala ndi Domasi n'kusefukira, ilipo midzi ya kwa Mwambo, kwa Mkumbira ndi kwa Kuntumanji imene ngakhale njinga yamoto imakana kulowa.

Ndayambira dala pa mtunda. Kuno kwathu khansa ya khomo la chiberekero ndi matenda a maulendo: wina wokayezetsa, wina wokamva zotsatira, winanso wokalandira chithandizo, ndipo pa ulendo uliwonse amayi ena amatsalira m'njira. Tsono asayansi a ku Ulaya ndi ku China akamatiuza kuti apeza njira yatsopano yoyezera, yotchedwa DNA methylation, ife a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa tili ndi funso limodzi lowafunsa. Kodi njirayo ichotsapo ulendo uti?

Nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa, IARC, inawerengera kuti m'chaka cha 2020 amayi 4,145 a ku Malawi anadwala khansayi ndipo 2,905 anamwalira nayo. Ndiko kuti maliro pafupifupi 8 tsiku lililonse. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Malawi ali m'gulu la mayiko ochepa amene ali pamwamba penipeni pa dziko lonse. Chowawa n'chakuti imeneyi ndi khansa imene choyambitsa chake chinadziwika kalekale, ndiponso imachenjeza kwa zaka zambiri isanaluse.

Choyambitsacho ndi kachilombo ka HPV. Amene anatsimikiza zimenezi ndi Harald zur Hausen wa ku Germany, yemwe anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 2008. Kachilomboka kamafala pogonana, ndipo n'kofala kwambiri moti anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amakatenga nthawi ina pa moyo wawo osadziwa n'komwe. Mwa ambiri thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri. Vuto limabwera mwa ochepa amene kachilombo kakakamira. Maselo a pa khomo la chiberekero amayamba kusintha pang'onopang'ono, opanda ululu, opanda magazi, opanda chilichonse chimene mayi angachione. Madokotala amagawa kusinthaku m'magawo atatu, CIN1, CIN2 ndi CIN3, ndipo onsewa si khansa ayi. Ndi njira yopita kumeneko. Kwa mayi wa chitetezo chabwino m'thupi njirayi imatenga zaka 15 mpaka 20. Kwa amene chitetezo chake n'chofooka imatha kufupika kufika zaka 5 mpaka 10. Mitundu iwiri ya kachilomboka, HPV 16 ndi HPV 18, ndiyo imayambitsa khansa 7 mwa 10 zilizonse za mtunduwu.

Apa ndi pamene HIV imalowerera. WHO imati mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi chodwala khansayi kuyerekeza ndi amene alibe. Kafukufuku wa m'Malawi monse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti amayi 10.5 mwa 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi HIV, ndipo aliyense amadziwa kuti chigawo chakummwera, makamaka madoko a nsomba, chimasenza katundu wolemera kuposa madera ena. Ma ARV atalikitsa moyo wa amayi ambirimbiri a ku Zomba kuyambira pamene kiliniki ya Tisungane inatsegulidwa mu 2004. Sikungakhale kwanzeru kumupulumutsa mayi ku Edzi kuti adzafe ndi khansa imene ikanaoneka zaka khumi isanayambe.

Boma la Zomba lili ndi mbiri yake pa nkhondoyi. Mu 2013, Zomba ndi Rumphi ndi amene anasankhidwa kuyesera katemera wa HPV kwa atsikana, katemerayu asanafalitsidwe dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9. Amene anabayidwa mu 2013 lero ndi achikulire, ena ali pabanja. Koma amayi awo, azakhali awo ndi akulu awo katemera anawapitirira. Kwa iwowo chotsala n'kuyezetsa basi.

Viniga, nyali ndi diso la namwino

Kuyambira mu 2004 Unduna wa Zaumoyo wakhala ukudalira njira ya VIA, imene amayi amangoti kuyeza kwa viniga. Mayi amagona pa bedi, namwino amatsegula njira ndi chipangizo, amapaka viniga pa khomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi. Malo amene maselo asintha amayera. Njirayi ili ndi ubwino umene sitiyenera kuupeputsa: n'njotsika mtengo, sifuna labotale, ndipo mayi amamva zotsatira asanavale nsapato. Ngati chipangizo chochizira chilipo, amathandizidwa tsiku lomwelo. Ulendo umodzi, nkhani yatha.

Koma mawu oti "ngati" amenewo ameza amayi ambiri. Kafukufuku amene Kelias Msyamboza ndi anzake anafalitsa mu 2016 anaonetsa kuti m'zaka za 2011 mpaka 2015, mwa amayi amene anapezeka ndi maselo osintha ndipo anali oyenera kuthandizidwa ndi makina oziziritsa, amene anathandizidwadi sanakwane theka. Mpweya wa makinawo unkatha, makina ankawonongeka, mayi n'kuuzidwa kuti apite kwina kapena abwerenso. Chipatala cha Nkhoma, mogwirizana ndi akatswiri a ku Scotland, chinayamba mu 2013 kugwiritsa ntchito kachipangizo kowotcha m'malo mwa koziziritsa. Kamatenthetsa malo odwalawo kufika madigiri 100 kwa masekondi osakwana mphindi, ndipo mitundu yake yatsopano imayendera batire, moti namwino atha kukanyamula m'chikwama kupita nako kumudzi. Pa zonse zimene zachitika pa nkhaniyi m'dziko muno, ine ndimaona kuti kachipangizo kameneka n'kamene kanasintha zinthu kwambiri.

Chimene kachipangizoka sikanakonze ndi diso. VIA imadalira luso la woyeza, kuwala kwa nyali yake ndi kutopa kwake akafika pa mayi wa makumi atatu tsiku limenelo. Anamwino awiri aluso akhoza kuyang'ana khomo limodzi n'kunena zosiyana. Mayi akamayandikira kusiya kusamba, malo amene khansa imayambira amalowa m'kati moti diso siliwaonanso bwino.

Ku Chilwa kuli vuto linanso limene a ku Ulaya saliganizira. Ndi likodzo. Mayi amene amapalira mpunga m'madzi, kuchapa pa gombe ndi kuwoloka madambo kuyambira ali mwana amakumana ndi tizilombo ta likodzo chaka ndi chaka. Ambiri timadziwa likodzo ngati matenda okodza magazi a anyamata osambira m'zithaphwi, koma mazira a tizilomboto amakhazikikanso pa khomo la chiberekero n'kusiyapo timabala, timawanga tonga mchenga ndi mitsempha yosachedwa kutuluka magazi. Ena mwa kafukufuku woyambirira pa dziko lonse wokhudza likodzo la ziwalo za amayi anachitikira ku Mangochi m'zaka za m'ma 1990. Khomo lotere limasokoneza woyeza. Akhoza kuona khansa pamene pali likodzo, kapena kuganiza kuti ndi likodzo chabe pamene pansi pake pali china.

Kachilombo kapezeka, nanga kenako?

Mu 2021 WHO inalangiza mayiko kuti achoke pang'onopang'ono pa kuyeza ndi diso n'kuyamba kuyeza kachilombo ka HPV komweko ndi makina, kuyambira zaka 30 kwa amayi onse ndi zaka 25 kwa amene ali ndi HIV. Kuyeza kumeneku sikuphonya kawirikawiri. Ubwino wake wina, umene amayi a kumudzi amaumvetsa msanga kuposa akatswiri, ndi wakuti mayi atha kudzitenga yekha zoyezazo. Amapatsidwa kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga, amalowa kuseri, amabweretsa kali m'kabotolo. Palibe kuvula pamaso pa mlendo, palibe bedi, palibe chitsulo chozizira chija chimene ambiri amachiopa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, gulu la UNC Project-Malawi, lokhala ndi Dr Lameck Chinula, linayesa njira imeneyi m'zipatala za m'maboma a Lilongwe ndi Zomba poiphatikiza ndi ntchito za kulera, ndipo m'madera ena alangizi azaumoyo ndi amene ankapita ndi timabotolo m'midzi.

Pamenepa pamabadwa vuto latsopano. Makina akati kachilombo kalipo, sakutanthauza kuti mayiyo akudwala. Pamene a ku Nkhoma anayesa makina a GeneXpert pa ntchitoyi, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu aliwonse anapezeka ndi HPV yoopsa, ndipo mwa amene anali ndi HIV anaposa 4 mwa 10. Ambiri mwa amayi amenewa kachilombo kadzachoka kokha. Ochepa okha ndi amene ali m'njira ya khansa. Zomba yakumidzi inali ndi anthu oposa 740,000 pa kalembera wa 2018. Tayerekezani amayi onse a msinkhu woyezetsa atayezedwa: zikwi zambirimbiri zingauzidwe kuti zili ndi kachilombo koyambitsa khansa. Onsewo aitanidwe? Onsewo awotchedwe? Pakali pano yankho n'lakuti mayi wotere abwere adzaonedwe ndi viniga, ndiye kuti tabwereranso ku diso lija, ndi likodzo lija, ndi ulendo wa kabaza uja.

Mpata umenewu ndi umene DNA methylation ikufuna kutseka.

Zimene methyl imachita

Selo lililonse la m'thupi lili ndi DNA, chingwe chachitali cha malangizo olembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T. Chigawo cha chingwechi chimene chili ndi malangizo a ntchito imodzi chimatchedwa gene. Selo la pakhungu ndi selo la m'chiwindi ali ndi DNA yofanana ndendende, koma amagwira ntchito zosiyana chifukwa lililonse limatsegula ma gene ena n'kutseka ena. Imodzi mwa njira zotsekera ndi kumata kachinthu kakang'ono kotchedwa methyl, komwe ndi carbon mmodzi ndi ma hydrogen atatu, pa chilembo C pamene chatsatana ndi G. Timethyl tikachuluka kumayambiriro kwa gene, selo limasiya kuiwerenga. Zilembo zonse zilipo, palibe chafufutika, koma malangizowo sakugwiranso ntchito. Amene analimapo mu sikimu ya mpunga ya Likangala amadziwa kuti nthaka ikhoza kukhala yabwino, mbewu ili m'munda, madzi ali tho mu ngalande yaikulu, koma wina akatseka chitseko cholowetsa madzi ku mundawo palibe chimene chingakule.

Kutseka kotere n'kwachibadwa ndipo n'kofunika. Robin Holliday, John Pugh ndi Arthur Riggs ndi amene anayamba kufotokoza mu 1975 kuti methyl ikhoza kukhala njira imene maselo amakumbukirira ntchito yawo. Zimalakwika pamene kutsekako kwagwera ma gene amene ntchito yawo ndi kuletsa selo kuswana mwachisawawa. HPV ikakhalitsa, imapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7, amene amasokoneza ulamuliro wa selo, ndipo china mwa zotsatira zake n'chakuti timethyl timayamba kuunjikana pa ma gene oteteza aja. Kusintha kwa maselo kukamakula ndi kukhalitsa, timethyl timachulukirachulukira. Pa CIN1 n'tochepa, pa CIN3 yokhalitsa n'tambiri, pa khansa yeniyeni n'tochuluka zedi. Choncho kuyeza HPV kumatiuza kuti kachilombo kalipo, pamene kuyeza methylation kumatiuza kuti kawononga kufika pati.

Mu labotale zimayenda chonchi. Amatenga DNA kuchokera ku thonje lomwe lija limene linayezedwa HPV, n'kuithira mankhwala a bisulfite. Mankhwalawa amasintha C aliyense amene alibe methyl kukhala chilembo china, koma C amene ali ndi methyl amatsala momwe alili. Njira imeneyi anaifotokoza Marianne Frommer ndi anzake ku Australia mu 1992. Kenako makina a PCR, a mtundu womwe tinauzolowera pa kuyeza kuchuluka kwa HIV m'magazi ndiponso pa nthawi ya Covid-19, amawerenga kuchuluka kwa ma C otsalawo pa ma gene osankhidwa. Palibe woyang'ana pa maikulosikopu, palibe wopenya khomo la chiberekero. Chimene chimatuluka ndi nambala.

Magulu angapo apanga zoyezera zawo. La ku Amsterdam, la Chris Meijer, Renske Steenbergen ndi Daniëlle Heideman, linasankha ma gene awiri, FAM19A4 ndi miR124-2, amene akugulitsidwa m'dzina la QIAsure. Kampani ya Oncgnostics ya ku Jena, Germany, inapanga GynTect, yoyeza ma gene 6. Attila Lorincz wa ku Queen Mary University of London anapanga S5, imene imayeza gene ya munthu yotchedwa EPB41L3 pamodzi ndi DNA ya kachilombo komweko. Ku China ambiri atsata PAX1 ndi JAM3. Kuchuluka kwa mayinaku kukutiuza kanthu: akatswiri eni akewo sanagwirizane kuti gene yabwino koposa ndi iti.

Zotsatira zina n'zopatsa chidwi. Mu 2020 gulu la ku Amsterdam linayeza khansa za khomo la chiberekero zoposa 500 zochokera m'mayiko 27, ndipo 98 mwa 100 zilizonse zinapezeka ndi methylation pa ma gene awo awiri aja. Ku Netherlands komweko anatsatira kwa zaka 14 amayi amene anali ndi HPV. Mwa amene methylation yawo sinakwere pachiyambi, amene anadzadwala khansa anali 1.7 mwa 100, pamene mwa amene anaoneka bwino pa kuyeza kwakale kwa maikulosikopu anali 2.4 mwa 100. Kafukufuku wina wa mu 2022, wotchedwa CONCERVE, anatsatira amayi a CIN2 ndi CIN3 osawachiza msanga, ndipo anapeza kuti mwa amene analibe methylation, pafupifupi atatu mwa anayi anachira okha, pamene mwa amene anali nayo anachira okha anali pafupifupi theka.

Ku Africa nako kwayesedwa, makamaka pakati pa amayi amene ali ndi HIV: ku Nairobi mu kafukufuku wa Hugo De Vuyst wa 2015, ku Pretoria, komanso mu kafukufuku wa HARP amene anachitikira ku Burkina Faso ndi South Africa. Konseko methylation inkakwera molingana ndi kukula kwa vuto, monga ku Ulaya. Yagwiranso ntchito pa thonje lodzitenga wekha, ndipo ena akuiyesa pa mkodzo.

Pamene ine ndimaima

Mu 2019, Helen Kelly wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 43 wokhudza amayi oposa 16,000. Anapeza kuti kuyeza methylation kumagwira pafupifupi 7 mwa amayi 10 aliwonse amene ali ndi CIN3 kapena khansa, ndipo kumalozanso pafupifupi 3 mwa 10 amene alibe vuto lalikulu. Ndiko kuti amayi atatu mwa khumi a CIN3 amadutsa osaoneka.

Oikira kumbuyo njirayi amati atatu amenewo si oopsa kwenikweni, ndi aja amene kusintha kwawo n'kwatsopano ndipo mwina kudzabwerera kokha. Mwina akunena zoona, ndipo CONCERVE ikuwavomereza pang'ono. Koma amanena zimenezi ali m'dziko limene mayi amalandira kalata kunyumba yomuitana kuti adzayezedwenso, ndipo akapanda kubwera kompyuta imakumbutsa adokotala ake. Mayi wa ku Kachulu akauzidwa kuti "kachilombo kalipo koma palibe choopsa, mudzabwerenso chaka chamawa", chaka chamawacho mwina adzakhala ku Phalombe, ku Machinga kapena kutsidya ku Mozambique, kumene nsomba zapita. Chilwa ndi nyanja yopanda mtsinje wotuluka, imene inauma mu 1968 ndi mu 1995, inaphwa kwambiri mu 2012 ndi mu 2018, kenako n'kusefukira mpaka m'midzi itadutsa mphepo ya Freddy mu 2023. Anthu ake amasamuka ndi madziwo. Kumuuza mayi wotere kuti adikire ndi kubetcha ndi moyo wake. Ndipo CIN3 si yoseweretsa: ku Auckland, New Zealand, kumene amayi ena anasiyidwa osachizidwa kuyambira m'ma 1960, pafupifupi atatu mwa khumi anadzadwala khansa m'zaka 30.

Ku Ulaya cholinga chachikulu cha methylation ndi kuchepetsa kuchiza kosafunikira, chifukwa kumeneko amadula kachigawo ka khomo la chiberekero, ndipo kudulako kumawonjezera chiopsezo chodzabereka mwana wosakwana masiku. Kuno chithandizo chofala ndi kuwotcha, komwe n'kotsika mtengo ndipo sikuwononga kwambiri. Sindikunena kuti n'kopanda mtengo kwa mayi. Amatuluka madzi kwa masabata angapo, ndipo amauzidwa kuti asakhale malo amodzi ndi bambo kwa mwezi wathunthu, nkhani imene m'mabanja ena imabala mkangano. Komabe poyeza zonse pa sikelo, kuno kuwotcha mayi amene akanachira yekha ndi cholakwa chaching'ono kusiyana ndi kubweza kunyumba mayi amene sadzabweranso.

N'chifukwa chake ndikuona kuti tikaitenga njirayi momwe a ku Ulaya akuigwiritsira ntchito, tidzalakwitsa. Phindu lake kuno lili kwina. Taganizani za mlangizi wazaumoyo amene walandira mndandanda wa amayi 40 a m'dera lake opezeka ndi HPV, ali ndi njinga yakapalasa imodzi ndi ntchito zina khumi, katemera wa ana, sikelo, kolera, udzudzu. Sangawalondole onse mwezi umodzi. Mndandandawo ukanabwera ndi chizindikiro chosonyeza amayi 6 kapena 8 amene methylation yawo yakwera kwambiri, akanadziwa khomo loyamba kugogoda. Amenewo ndiwo oyenera kuwasaka mpaka pa doko, kuwalipirira kabaza ngati n'kotheka, ndi kuwatumiza ku Zomba kuti akatengedwe kanyama kokayeza, osangowotchedwa pamwamba pomwe m'kati mwayamba kale khansa. Ena onse alandire chithandizo cha nthawi zonse. Ingathandizenso amayi aakulu amene viniga saonetsanso kanthu pa iwo, ndi amayi a HIV amene ali ambiri zedi pa mndandanda wa HPV moti mndandandawo pawokha sumasankha kanthu. Popeza kuyezaku kumawerenga DNA osati maonekedwe a khomo, n'zomveka kuyembekezera kuti mawanga a likodzo sangakusokoneze monga amasokonezera diso. Koma kuyembekezera si umboni. Malo oyenera kufufuzira funso limeneli ndi kuno, pa amayi a ku Likangala, Matiya ndi Chisi, ndipo ndi ntchito imene Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi-Liverpool-Wellcome angaigwire bwino kuposa aliyense wa kunja.

Pali zina zoyenera kuzinena mosabisa. WHO sinaike methylation pa njira zimene imalangiza mayiko kugwiritsa ntchito; mu malangizo a 2021 inangotchulidwa pakati pa njira zimene zikuunikidwabe. Si mbali ya ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo, ndipo simungaipemphe pa chipatala cha boma. Imafuna labotale yokhala ndi magetsi osazimazima, mafiriji, akatswiri, ndi mankhwala ogulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lino limazisowa ngakhale pogula mafuta. Makina a PCR alipo, kuphatikizapo pa chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo njinga zamoto za Riders for Health zakhala zikunyamula magazi ndi makhololo kuchoka m'zipatala zazing'ono kwa zaka zambiri. Koma zambiri mwa zimenezi zinamangidwa ndi ndalama za HIV zochokera ku America, ndipo chiyambireni 2025, pamene dzikolo linadula thandizo lake lakunja, palibe amene angazitenge ngati zokhazikika. Ngakhale kuyeza HPV komweko, kumene methylation imadalira, sikunafike pa zipatala zonse.

Ndiye pali nkhani ya zotsatira kubwerera kwa mwini wake. Thonje likhoza kufika ku Zomba, makina n'kuwerenga bwinobwino, pepala n'kukhala mu faelo miyezi itatu. Nambala ya foni imene mayi anapereka ndi ya mlamu wake, ndipo mlamuyo ali pa nyanja. Apa Chilwa yomweyo inatiphunzitsapo kanthu. Kolera itabuka kumeneko kumapeto kwa 2015, Unduna wa Zaumoyo ndi Médecins Sans Frontières anapereka katemera wakumwa mu 2016. Katemerayo ankafuna kumwa kawiri, ndipo aliyense ankadziwa kuti asodzi a m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa nyanja, sangabwerere kumtunda pa tsiku loikika. Anawamwetsa koyamba, n'kuwapatsa wachiwiri m'manja kuti akamwe okha patapita masabata awiri. Sanadikire kuti msodzi asinthe moyo wake, anasintha ndondomeko. Aliyense wofuna kubweretsa kuyeza kwa labotale ku madoko a Chilwa ayambe waganiza motero: zotsatira zidzamupeza bwanji mayi amene lero ali ku Kachulu, mawa ku Mchenga?

Kumapeto kwa njira nakonso kukusintha. Médecins Sans Frontières inayamba ntchito yolimbana ndi khansayi ku Blantyre mu 2018, ndipo kenako inayamba kuchita maopaleshoni pa chipatala cha Queen Elizabeth. Kwa zaka zambiri wofunika chithandizo cha radiotherapy ankayenera kutuluka m'dziko, ndipo amene ankapeza mwayiwo anali ochepa. Tsopano ku Blantyre kuli chipatala choyima pachokha chopereka chithandizochi chimene chinatsegulidwa mu 2024, ndipo chipatala cha khansa cha boma ku Lilongwe chinatsegulidwa mu 2025. Zimenezi zikupangitsa kuti kupeza khansa msanga kukhale ndi phindu lenileni. WHO inaika mu 2020 zolinga zoti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 akhale atabayidwa katemera asanapitirire zaka 15, amayi 70 mwa 100 ayezedwe ndi njira yodalirika pofika zaka 35 ndi kubwereza pofika 45, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto athandizidwe. Zaka zatsala n'zowerengeka, ndipo methylation sidzatifikitsako. Chidzatifikitse pafupi ndi katemera, thonje lodzitenga wekha, ndi kachipangizo kowotcha kokhala ndi batire yodzaza.

Kwa inu amayi a zaka 25 mpaka 49, musadikire kuyeza kwa ku Amsterdam. Kuyeza kumene kulipo lero m'zipatala za boma n'kwaulere, ndipo ngakhale kuli ndi zofooka zake kwapulumutsa ambiri. Ngati mumalandira ma ARV, funsani tsiku lomwe mwapita kukatenga mankhwala, kuti ulendo ukhale umodzi. Uzani namwino ngati munadwalapo likodzo. Ndipo ngati mukutaya magazi mukakhala malo amodzi ndi bambo, kapena mwayambanso kuona magazi mutasiya kale kusamba, kapena mukutuluka chikazi chonunkha chosatha, pitani kuchipatala sabata ino. Abambo, ndalama ya kabaza ichoke kwa inu.